Theka la sipuni ya magazi

Mwana wathu wachiwiri anabadwa mu Novembala 2018, nyengo imene kuno kuchigwa dzuwa limayamba kuwotcha m'mamawa ndipo ngakhale usiku mphepo yolowera pawindo imakhala ngati yadutsa pamoto. Ine sindinali m'chipinda chochilira. Monga amachitira amuna onse, ndinali panja pansi pa mtengo wa nimu pamodzi ndi abambo ena amene ankayang'ana chitseko chomwecho, mpaka apongozi anga anatuluka n'kundiuza kuti kwabwera mlendo wamkazi ndipo mayi ake achira bwino. Madzulo amenewo ndinabwerera kumudzi kukatenga ufa, nkhuni ndi zitenje zina. Pamene ndinafikanso m'mawa mwake, ndinapeza mwana wanga wa tsiku limodzi atalembedwa kale m'kafukufuku.

Mkazi wanga anandiuza nkhaniyi mosakonzekera, ngati mmene munthu amanenera kuti sopo watha. Anatulutsa kabuku ka kuchipatala ka mwanayo, kamene pachikuto pake anali atamatapo kapepala ka nambala, ndipo mkati mwake munali mapepala asanu opindidwa pakati. Patsamba lomaliza panali dzina lake, lolembedwa ndi dzanja limene ndimalidziwa koma lonjenjemera, ndipo m'munsi mwake munali siginecha ya munthu wina wachilendo kwa ine. Kuseri kwa kadzanja ka mwana kunali kathonje komatidwa ndi pulasitala. Nditafunsa kuti chachitika n'chiyani, iye anati, "Anabwera a kafukufuku, bambo ake. Atenga magazi pang'ono, ndipo akuti tizikaonana nawo mpaka mwana akwanitse chaka."

Ndikanakonda kulemba kuti mkwiyo umene unandigwira unali wodera nkhawa mwana, koma ndinganame. Chimene chinandiwawa poyamba n'chakuti sanandifunse. Ine ndine Msena, makolo anga anapereka lobola, ndipo kwathu mwana amawerengedwa kuchimuna. Mkazi wanga ndi Mmang'anja, ndipo kwawo mwana ndi wa mbumba, kotero kuti nkhani yaikulu imayenera kufika kwa atsibweni. Panali mabanja awiri, lililonse lodziona kuti ndilo loyenera kufunsidwa, pamene pachikalatacho panali mzere umodzi wokha wa kholo. Mwalamulo mzere umodziwo unali wokwanira, ndipo lero ndimavomereza kuti mayi amene wasenza mimba miyezi isanu ndi inayi safunika kupempha chilolezo kwa munthu amene anali pansi pa mtengo kuti alankhulire mwana wake. Koma tsiku limenelo sindinaganize choncho, ndipo tinatuluka m'chipatala osalankhulana bwino.

Mtima utatsika ndi pamene ndinamufunsa modekha kuti zinayenda bwanji. Anati kunabwera mayi wina wovala yunifomu, anakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi, anamuyamikira chifukwa cha mphatso ya mwana, kenaka anayamba kuwerenga mapepalawo m'Chichewa, pang'onopang'ono ndiponso mwaulemu. Ananena kawiri konse kuti kulowa kapena kusalowa n'kufuna kwa kholo, ndiponso kuti wokana adzalandirabe chithandizo monga wina aliyense. Ndinamufunsa kuti, "Nanga ngati anakuuzani kuti mukhoza kukana, munavomereranji osandidikira?" Iye anati, "Bambo ake, munthu wakugwira dzanja usiku wonse mpaka iwe wachira, m'mawa mwake akakupempha kanthu umamukana bwanji?" Patapita milungu ingapo ndi pamene tinazindikira kuti mzamba amene anamuchiritsa ndi namwino wa kafukufuku uja anali anthu awiri osiyana, olembedwa ntchito ndi mabwana osiyana. Kwa mayi amene wachezera usiku wonse, thupi likuphwanya ndipo mwana akulephera kugwira bere, yunifomu yoyera ndi imodzi basi.

Namwinoyo sananame ndipo sanakakamize munthu. Zonse zimene ananena zinali m'mapepala, ndipo m'kupita kwa nthawi zinapezeka kuti n'zoona. Vuto linali tsikulo. Mayi amene wangochira dzulo sangalingalire bwino masamba asanu a nkhani yachilendo. Ofufuza ali ndi chifukwa chawo chofulumirira, pakuti zina zimene amafuna kudziwa zimaoneka m'maola oyambirira okha, ndipo mayi akangotuluka m'chipatala n'kuwoloka Shire, kumupezanso ndi ntchito yaikulu. Komabe mkazi wanga anapita kusikelo ya amayi oyembekezera kanayi, ndipo anakhala kuchidikiro milungu iwiri akungocheza ndi anzake pakhonde. Nkhaniyi ikanayambika pamenepo ikanafika kunyumba, ndipo tikanakangana n'kumvana mwana asanabadwe.

Usiku woyamba kunyumba ndinawerenga mapepalawo katatu ndi tochi ya pafoni. Ndine mphunzitsi wa kupulayimale ndipo ndimadziona ngati wodziwa kuwerenga, koma ndinavutika. Kafukufukuyo sanali wopereka mankhwala atsopano. Ankafuna kutsatira makanda kwa chaka chimodzi, kuwayeza kulemera ndi kutalika, kutenga magazi pang'ono pa masiku oikika ndiponso nthawi iliyonse imene mwana watentha thupi, kuti adziwe matenda amene amagwira ana m'miyezi yoyambirira. Chimene chinandisokoneza ndi mawu awiri osiyana ndi chilembo chimodzi chokha, kuyeza ndi kuyesa. Ife tikamva kuti mwana amuyeza magazi, timamva kuti adokotala akufuna kupeza chimene chikumuvuta mwana ameneyo kuti amupatse mankhwala. Tikamva kuti akuyesa, timamva kuti mwana wasanduka choyeserapo, ngati mmene mlimi amayesera mbewu yatsopano pakamunda kamene sangadandaule katawonongeka. Kafukufuku wathu sankalowa bwino m'mawu onse awiriwa: woyezedwa anali mwana wathu, koma yankho linali la ana ena amene anali asanabadwe. Ndime imene inanena zimenezi inali patsamba lachitatu, ya mizere iwiri yokha, yakuti mwina mwana wathu sapindula mwachindunji, ndipo ulendo woyamba ndinaidutsa osaiona.

Amayi anga, amene anabereka ana asanu ndi awiri n'kuika m'manda awiri akadali makanda, sanafune kumva za masamba. Iwo amalankhula Chisena, ndipo Chichewa chawo n'cha kumsika ndi kutchalitchi, choncho ndinkawamasulira ndime ndi ndime. Funso lawo linali limodzi: magaziwo akupita kuti? Panali patangotha chaka chichitikireni chipwirikiti cha anamapopa cha 2017, chimene chinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira m'maboma ena a kumwera, mpaka anthu osalakwa anaphedwa ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ina. Nthawi imeneyo ine ndinali mmodzi mwa amene ankaseka mphekeserazo m'chipinda cha aphunzitsi. Koma amayi atafunsa, ndinatsegula mapepala n'kupeza kuti yankho silinali lophweka monga ndinkaganizira: magaziwo ankakwera nawo Thabwa kupita ku labotale ku Blantyre, ena kukasungidwa kwa zaka, ndipo mwina ena kudzatumizidwa kunja kukayezedwa ndi makina amene kuno kulibe. Nditawamasulira zimenezi, amayi anangoti, "Ndiye mwana wanga, ukuti anthu aja ankanama chiyani?" Ndinayesa kufotokoza kusiyana kwa kupopa munthu magazi usiku ndi kutenga madontho masana kholo litavomera, koma ndikulankhula chomwecho ndinadzimva ndekha kuti kusiyanako kwatsamira pa kuvomera, ndipo kuvomera kwathu kunali kwa mayi wotopa amene sanafune kukhumudwitsa namwino.

Mlungu woyamba usanathe, mwana akadali m'chikuta ndipo mchombo usanagwe, panafika galimoto yoyera n'kuima pabwalo pathu. Pamudzi ngati wathu galimoto yotero siibisika. Ana anaizungulira, ndipo amayi a nyumba zoyandikana anapeza zifukwa zodutsira pakhomo pathu ndi zidebe zopanda madzi. Agogo a mwana anaima pachitseko n'kunena kuti palibe mlendo amene alowe, pakuti khanda la m'chikuta ndi lozizira ndipo siligwiridwa ndi munthu amene sitikudziwa kumene wagona. Ndinaganiza kuti pabuka mkangano. Koma mtsikana amene anatsika m'galimotoyo anali mwana wa kuno komwe; anagwada, anawalonjera m'Chisena, anakhala pamphasa panja, n'kuwapatsa sikelo kuti alowe nayo okha. Agogo ndi amene anamuika mwana pansalu ya sikeloyo, mkazi wanga akuwerenga manambala mokweza ali m'nyumba, mtsikanayo akulemba ali panja. Pochoka, amayi anamupatsa masau m'kachitenje, ngakhale kuti atapita ananenabe kuti za magazizo sanazimvetse.

Pa ulendo wobwerera kuchipatala, mwana ali ndi milungu isanu ndi umodzi, ndinapempha tchuthi kusukulu n'kupita nawo, nditalemba mafunso pakapepala, pakuti safunsa anadya phula. Ndinafunsa namwino kuti mwana wamng'ono chotere amakhala ndi magazi ochuluka bwanji. Anandiuza kuti khanda la makilogalamu atatu limakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 250, ndipo ine, pokhala wophunzitsa masamu, ndinaona nthawi yomweyo kuti magazi onse a mwana wanga pobadwa sakanadzaza n'komwe botolo la Fanta. Mtima unagunda. Iye ataona nkhope yanga anatenga sirinji yatsopano, anakoka madzi mpaka pamzere umene amalekezera, n'kuwathira m'sipuni ya tiyi imene ankasunga m'kabati chifukwa cha makolo ngati ine. Madziwo anafika theka. Mamililita awiri ndi theka pa 250 ndi gawo limodzi mwa magawo 100, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Masamuwo anandikhutiritsa, koma sanandithandize pamene singano inayamba kulowa. Mtsempha wa khanda ndi wopyapyala ngati ulusi, ndipo anabaya kawiri asanaupeze. Mwana analira mpaka mawu kuthera kukhosi, mkazi wanga atayang'ana kukhoma, mkaka ukunyowetsa bulauzi yake, ndipo ine ndinapezeka ndafinya kapepala ka mafunso kaja mpaka kung'ambika.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kufufuza ndekha kuti ndani amayang'anira anthu amenewa. Ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo chake, ndipo popeza khanda silingavomere kapena kukana, udindo wonsewo umagwera kholo. Kafukufuku asanayambe amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha anthu olowamo, monga COMREC ya ku Blantyre, imene lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, kapena National Health Sciences Research Committee ya ku unduna wa zaumoyo. Kumapeto kwa chikalata chathu kunalidi nambala ya foni ya komiti yotere, yoti kholo lodandaula liimbe, ngakhale ndimakayika ngati mayi wa ku Makhanga wopanda mayunitsi angaimbire anthu a mumzinda kukanenera namwino amene akumuonera mwana. Kumadera ena zinthu zoopsa zinachitikapo ndithu. Mu 1996, pa nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi mumzinda wa Kano ku Nigeria, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala otchedwa Trovan m'kafukufuku wa ana pafupifupi 200. Ana 11 anamwalira, makolo ambiri anati sanauzidwe kuti ana awo ali m'kafukufuku, ndipo ngakhale kampaniyo inakana kuti inalakwa, mu 2009 inagwirizana ndi boma la Kano kupereka ndalama kuti mlandu uthe. Chilonda chimenecho chinali chimodzi mwa zifukwa zimene anthu a kumeneko anakanira katemera wa poliyo mu 2003. Amayi anga sanamvepo za Kano, koma nditawerenga nkhaniyi ndinasiya kuseka funso lawo.

Pali mbali inanso imene mkwiyo wanga wa tsiku loyamba sunkaiona. Masiku 28 oyambirira ndiwo oopsa kwambiri pa moyo wa mwana, ndipo thupi la khanda sililandira mankhwala monga la mwana wamkulu, chifukwa chiwindi ndi impso zake zimakhala zisanakhwime; popanda kufufuza pa makanda enieniwo, madokotala amangoyerekeza muyezo. Tsiku lomwe anamutenga magazi lija, ali ndi milungu isanu ndi umodzi, mwana wathu analandiranso kusikelo madontho a m'kamwa oteteza ku rotavirus, kachilombo kamene kamatsegula ana m'mimba. Katemera ameneyu anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2012, atayesedwa kaye pa makanda a ku Blantyre ndi a ku South Africa. Ndiye kuti kunali amayi ena, mwina otopa ngati mkazi wanga, mwina okangana ndi apongozi awo ngati ife, amene anasaina kapena kudinda chala, ndipo mwana wanga anameza phindu la kuvomera kwawo ine osalipira kanthu. N'chimodzimodzi katemera wa malungo, amene Malawi linali dziko loyamba kuyamba kumupereka pa 23 Epulo 2019 m'madera ena a maboma 11, kuphatikizapo Chikwawa ndi Nsanje. Asanayambe kuperekedwa anali atayesedwa pa ana oposa 15,000 m'maiko asanu ndi awiri a mu Africa, ena mwa iwo a ku Lilongwe, ndipo ena anali makanda a milungu isanu ndi umodzi mpaka 12. Munthu wokhala m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh, kumene udzudzu umayamba kulira dzuwa lisanalowe, sangaitenge nkhani imeneyi mopepuka.

Koma kunena zoona, ambiri mwa ife amene tinkakhala pabenchi ya kafukufuku sitinkaganiza za ana a mtsogolo. Tinkaganiza za mzere. Mwana wa kafukufuku akatentha thupi sankaima pamzere wautali wa odwala onse umene umayamba tambala asanalire. Ankalowera khomo lina, ankaonedwa msanga, ndipo mankhwala ankapezeka ngakhale masiku amene ena ankauzidwa kuti akagule. Ulendo uliwonse tinkabwezeredwa ndalama ya thiransipoti. Ndikukumbukira mayi wina wochokera tsidya lina la mtsinje amene ankayenda wapansi mtunda wonse, mwana kumsana, kuti ndalama ya kabaza akagulire mchere ndi sopo, ndipo sankabisa. Ankati kafukufukuyu ndiye ganyu wa mwana wake. Tinkaseka, koma nthabwalayo inkandiluma. Chikalata chimati kulowa n'kufuna kwako, koma pamene khomo lina lili ndi mankhwala ndipo lina lilibe, kufuna kwa munthu wosauka kumakhala kutapendekera kale mbali imodzi. Ofufuza sangasiye kuthandiza ana amene akuwatsatira, pakuti kutero kungakhale nkhanza. Komabe amene amawerenga masiginecha athu kumaofesi asamaiwale kuti m'kuvomera kwa ambiri a ife munali njala.

Sikuti onse anafika kumapeto. Mayi wina anasiya kubwera mwamuna wake atabwerako kodula nzimbe ku Nchalo n'kumuuza kuti akapitakonso asabwerere pakhomo. Mwana wa mayi wina wa mudzi woyandikana nafe anamwalira ndi chibayo ali ndi miyezi iwiri, ndipo pamaliro pomwepo manong'onong'o anali akuti amumaliza magazi. Chaka chomwecho m'mudzi womwewo munamwalira makanda ena amene sanalembedwe paliponse, koma pakhomo pa makolo awo sipanaimepo galimoto yoyera yoti anthu ailoze chala. Mkazi wanga anabwerako kumaliroko ali chete, ndipo usiku umenewo ndinamuona akuunika m'zikope ndi m'manja mwa mwana ndi tochi kuti aone ngati mwayera.

Tinali ndi mwayi kuti funso lovuta kwambiri silinatifikire. Mphunzitsi mnzanga, amene mwana wake analowa m'kafukufuku wa mtundu wina, anandifotokozera kuti kumeneko ana ankagawidwa m'magulu awiri mwamaere, ena kulandira mankhwala amene akuyesedwa ndipo ena kulandira amene alipo kale, popanda kholo kapena namwino kudziwa gulu la mwana. Chifukwa chake ndimachimvetsa: dokotala akamasankha yekha akhoza kupereka mankhwala atsopano kwa ana ooneka amphamvu, ndipo zotsatira zake zinganame. Koma kupereka mwana wako wa masiku atatu ku maere ndi nkhani ina, ndipo ndikanafunsidwa zimenezo pansi pa mtengo wa nimu paja, ndikuganiza kuti ndikanakana.

Kumayambiriro kwa Marichi 2019 kunagwa mvula ya masiku angapo osalekeza, ya namondwe amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Idai. Mtsinje wa Shire unasefukira, madzi analowa m'mudzi usiku, ndipo tinathawira kusukulu imene ndimaphunzitsa, kumene mabanja ambiri tinkagona m'makalasi. Kabuku ka mwana kanapulumuka chifukwa mkazi wanga anakakulunga m'jumbo n'kukamangirira m'chiuno, koma kananyowabe m'mphepete. Tsiku lathu lopita kuchipatala linadutsa msewu utaduka. Pamsasapo mwana anatsegula m'mimba masiku atatu mpaka liwombo kulowa, ndipo tinamusunga ndi bere komanso madzi a Thanzi amene mlangizi wa zaumoyo ankagawa. Atangoyamba kutsitsimuka, panafika njinga yamoto yodzaza matope, itanyamula mtsikana uja ndi namwino, akuyenda msasa ndi msasa kufunafuna ana a m'kaundula wawo.

Anatipeza pakhonde la kalasi ya Sitandade 4. Anamuyeza mwana kulemera, anamuona m'kamwa ndi paliwombo, anatipatsa mapiritsi a zinc, kenaka namwino anatsegula kabokosi kake n'kunena kuti magazi a mwezi umenewo anali asanatengedwe. Mkazi wanga anamukokera mwana pachifuwa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani anamwino, lero ayi. Mwanayu wavutika mokwanira." Ine, amene miyezi inayi m'mbuyomo ndinkakalipa kuti sanandifunse, ndine amene ndinachita mantha. Ndinaganiza za khomo la mankhwala lija, ndinaganiza kuti atifufuta m'kaundula pa nthawi imene tinalibe ndi nyumba yomwe, ndipo ndinatsala pang'ono kumunong'oneza kuti angolola. Namwinoyo sanasinthe nkhope. Anatseka kabokosi, analemba pafomu yake kuti mayi akana, anatiuza zizindikiro zoti tikaziona tithamangire kuchipatala, n'kutipatsa tsiku lina. Atapita ndinafunsa mkazi wanga ngati sanaope. Anati, "Ndinaopa, bambo ake. Koma anandiuza tsiku lija kuti ndikhoza kukana, ndiye ndimafuna ndione ngati zinali zoona."

Mwezi wotsatira tinapita, ndipo anatilandira monga kale. Amene anasintha ndi mkazi wanga. Anayamba kufunsa kuti kabotolo aka n'kachiyani ndipo ako n'kachiyani, anapempha kuti aziyamwitsa mwana pamene akumubaya, ndipo tsiku lina anauza namwino watsopano kuti akalephera kawiri kupeza mtsempha asayesenso kachitatu. Pabenchi paja ankauza amayi anzake zimene zinachitika kumsasa, ndipo ena sankakhulupirira kuti munthu angakane n'kubwereranso osakalipiridwa. Siginecha imene ili pachikalata chija ndi ya Novembala, koma mmene ine ndimaonera, banja lathu linavomera mu Epulo, pamene mayi amene anali ataona kuti khomo lotulukira n'lotseguladi anasankha yekha kulowanso. Ngakhale amayi anga anafewa atamva kuti mpongozi wawo anabweza anthu a galimoto ndipo palibe chimene chinachitika; kwa iwo umenewu unali umboni woposa masamba onse asanu amene ndinawamasulira.

Dandaulo limene ndatsala nalo ndi la zotsatira. Mwana atakwanitsa chaka anamuyeza komaliza, anatithokoza, ndipo anati zotsatira zikatuluka adzaitanitsa msonkhano kwa amfumu. Padutsa zaka, padutsa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, koma uthenga wa msonkhanowo sunatipeze. N'kutheka kuti unachitika ife titasamukira kumtunda, pakuti madzi anatibalalitsa ambiri. N'kuthekanso kuti zimene anapeza zinangolembedwa m'Chingerezi n'kuwerengedwa ndi anthu a kutali amene sanamvepo kutentha kwa ku Ngabu. Ngakhale wobwereka khasu, pobweza amanenako mmene munda walimikira. Ife tinapereka maulendo, misozi ya mwana ndi mtendere wa pabanja, ndipo tikufuna kumva m'chinenero chathu kuti m'magazi a ana athu anapezamo chiyani, ngakhale yankho litakhala lakuti sanapezemo chachilendo. Mng'ono wa mkazi wanga atakhala woyembekezera chaka chatha anabwera kudzafunsa ngati angavomere atapemphedwa. Mkazi wanga sanamuuze kuti avomere kapena akane. Anamuuza kuti apemphe mapepalawo apite nawo kunyumba, afunse ngati womulankhulayo ndi wa chipatala kapena wa kafukufuku, ndipo afunsiretu kuti zotsatira adzazimva kwa ndani.

Mwana uja tsopano ali pasukulu, ndipo amawerenga chilichonse chimene chagwera m'manja mwake. Mwezi wathawu, tikulongedzanso katundu m'sutikesi, anapeza kabuku kake kakale, kofufuma m'mphepete chifukwa cha madzi a 2019, n'kufunsa kuti nambala ya pachikuto ndi yachiyani. Mayi ake anamufotokozera za kafukufuku, za sipuni ya tiyi ndi za njinga yamoto ya kumsasa, agogo ake akumvetsera ali pamphasa akupeta mapira. Anamva zonse, anayang'ana kuseri kwa dzanja lake ngati akufunafuna chipsera, kenaka anafunsa kuti, "Nanga ineyo anandifunsa?" Mayi ake anati, "Iwe unali mtulo." Agogo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena m'Chisena kuti akadzakula adzakwere yekha Thabwa akafunse magazi ake ku Blantyre.